Gogodela ndi Fataki Zake

Aulendo a Chiyao akamabwera kuchokera ku Kilwa kapena ku Quelimane, mitolo ya nsalu ankasenzetsa aliyense, ngakhale kapolo wogulidwa dzulo. Migolo ya onga ankapatsa anthu odalirika. Koma timabokosi tachitini ta fataki, agogo ankatero, mwini ulendo ankatimanga m'chiuno mwake, ndipo powoloka mtsinje ankatisanjika pamutu. Inu adzukulu anga simunaionepo fataki, ndiye ndiyambe ndakuuzani maonekedwe ake. Kanali kachisoti ka mkuwa kosaposa njere ya nandolo, m'kati mwake muli mankhwala pang'ono oyaka akamenyedwa. Mlenje ankakaveka pa kansonga koboola kamene kali kutsinde kwa mpope wa mfuti. Akakhethemula, kanyundo kankagwera pamenepo, kamoto n'kudutsa pakabowo kukayatsa onga m'kati. Mfuti ingakongole bwanji, fataki ikasowa inkangokhala yopachika pakhoma.

Amene anandiuza izi ndi agogo aamuna, bambo a mayi anga. Iwo anali Mnyanja wa gombe lakum'mawa, cha ku Malindi kuno, ndipo pamene Azungu ankamanga Fort Johnston mu 1891 n'kuti ali kamnyamata kongotuluka kumene. Anakulira m'manja mwa mlenje wina wa Chiyao, amene mpaka ukalamba wawo ankangomutchula kuti afundi. Ntchito yawo inali kunyamula nyanga ya onga ndi thumba la zipolopolo, kutsuka mfuti ndi madzi otentha akabwerako kutchire, ndi kukhala chete. Kugwira mfuti anayamba ndevu zitamera.

Mfuti zinalipo za mitundu iwiri, zonse zothirira onga kukamwa n'kutsindira ndi chitsulo, zimene timazitcha gogodela. Yakale kwambiri inali ya mwala. Kanyundo kake kankaluma kamwala kolimba, kamwalako n'kukhula chitsulo, ntchentche zamoto n'kugwera pa kambale kamene munali onga pang'ono. Kumapiri, nyengo ya chilimwe, mfuti imeneyi inkagwira ntchito bwinobwino. Kunyanja kuno inali yovuta. Mame a m'bango m'mamawa, nkhungu ya ku Malombe, madzi othovukira m'bwato mwera ukautsa, zonsezi zinkanyowetsa onga wa pakambale. Ndiponso kambale kankayamba kang'anima ndi kufuka utsi mfuti isanalire, ndiye tsekwe wochenjera anali atanyamuka kale.

Vuto la tsekwe lomweli ndi limene linabala fataki, ndipo izi ndinaziwerenga nditakula, agogo sankazidziwa. Ku Scotland, pa mudzi wa Belhelvie pafupi ndi Aberdeen, kunali m'busa wa mpingo dzina lake Alexander Forsyth, wokonda kusaka abakha a m'madzi. Anatopa ndi mbalame zothawa kung'anima kwa kambale, nayamba kuyesa mankhwala oyaka ndi kumenya kokha, ndipo mu 1807 boma la kwawo linalemba njirayo m'dzina lake. Kachisoti ka mkuwa kanabwera pambuyo pake, cha m'ma 1820. Chimandiseketsa n'chakuti Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala mu 1875 kudzalalikira mtendere, anali wa ku Aberdeen komweko. Dera limodzi linatitumizira Baibulo ndi fataki.

Tsono kusankha fataki kunali luso lakelake. Afundi akagula kabokosi, sankakatsegula pamsika. Ankadikira dzuwa likwere, n'kuyala nsalu yoyera pakhonde, n'kukhuthulirapo. Iliyonse ankaitembenuza ndi kamtengo kuti aone m'kati. Yokhala ndi ndere yobiriwira m'mphepete, imeneyo inamwa madzi panjira, ankaiika padera. Imene mankhwala ake anasweka kapena kugwa, padera. Kenaka ankatenga imodzi n'kuiyesa pa kansonga ka mfuti, chifukwa fataki sizinali za msinkhu umodzi: zina zinali zazikulu zokhala ndi timapiko m'mbali, za mfuti zakale za asilikali, zina zazing'ono za mfuti zosakira mbalame. Yolobodoka inkagwa poyenda m'tchire munthu osadziwa. Yothina sinkakhala pansi bwino, ndiye kanyundo kakagwa koyamba kankangoikankhira m'malo, mfuti osalira. Pomaliza ankawomba imodzi mfuti ili yopanda onga, kukamwa ataloza tsamba louma pansi. Tsamba likagwedezeka, ndiye kuti kabowo n'kotseguka ndipo moto wafika. Ankamvetseranso kalilidwe kake. "Wamva, mwana iwe?" ankawafunsa agogo. "Iyi yalankhula. Ija ya dzana inangonong'ona."

Zosankhidwazo ankazithira m'kansupa, n'kumata pakamwa ndi phula la njuchi, n'kukapachika kudenga kumene kumafika kutentha kwa moto koma osati malawi. Zokayikitsa zija sankataya. Zinali za pa maliro a mfumu ndi polandira aulendo obwera kugombe, pamene mfuti zinkaombedwa ndi onga ndi nsanza zokha, popanda chipolopolo. Pamenepo mfuti ikakana anthu ankangoseka. Pamaso pa njati panalibe woseka.

Chimene agogo ankachikamba mobwerezabwereza, mpaka ife kumayang'anana, chinali kugwirizana kwa zinthu zitatu: mpope, onga ndi fataki. Mfuti zambiri zimene zinkafika kuno zinali zotha kale ntchito kwa eni ake. Zina zinali za asilikali a ku Ulaya zakalekale, zodindidwa mawu akuti Tower pambali, zina zopangidwa motchipa ku Birmingham ndi ku Liège n'cholinga chogulitsa kwa anthu akuda. Zikafika kuno, dzimbiri linkapitiriza. Mwaye wa onga umakoka chinyezi, ndipo fataki za nthawi imeneyo zinkasiya mchere wodya chitsulo, moti mfuti yogona usiku umodzi yosatsukidwa inkadzuka yofiira m'kati. Mpope wotere sungapirire onga wambiri. Anyamata ankakonda kudzaza kuti mfuti ilire mpaka kutsidya kwa mfumu Mponda amve, ndipo ena a iwo anakalamba ndi zala zitatu. Afundi ankathira wochepa, n'kumayandikira nyama m'malo moombera patali.

Koma onga wochepa uli ndi vuto lakenso. Umafuna moto wotsimikizika. Fataki ikakhala yofooka, mfuti inkachita chimodzi mwa zitatu. Choyamba, kukana: kanyundo "thi!" basi, zii. Chachiwiri, kuchedwa: fataki yalira, mfuti ili duu, munthu n'kuitsitsa paphewa kuti aone chavuta n'chiyani, pomwepo n'kuphulika. Lamulo la afundi linali lakuti mfuti ikakana uikhalitse cholozera komweko, uwerenge zala za manja ndi za kumapazi, ndipo usasuzumire kukamwa kwake ngakhale mayi ako akuitane. Chachitatu ndicho ankachiopa kuposa zonse, chimene iwo ankati kutsokomola. Onga wayaka mwatheka, kaphokoso kamveka, koma chipolopolo ndi nsanza zaima pakati pa mpope. Munthu wothamangitsidwa ndi mantha amathiranso onga wina pamwamba, n'kuwomba. Pamenepo mpope umang'ambika pafupi ndi dzanja lamanzere. N'chifukwa chake chitsulo chotsindira cha afundi chinali ndi mizere iwiri yocheka ndi tupa, wina wosonyeza mfuti yopanda kanthu, wina wosonyeza yodzaza kamodzi. Asanathire onga ankayamba alowetsa chitsulocho n'kuyang'ana mzere, ngakhale nyama ili pamaso pawo.

Anali ndi lamulo linanso: ukasintha fataki, yamba ndi onga wochepa kuposa wa masiku onse. Za kabokosi kena zinkabwera zaukali, moti zidutswa za mkuwa zinkathethekera kumaso. Munthu amene wazolowera zofatsa n'kuvekapo yaukali pa mlingo womwewo, pa mpope wodyeka kale, anali kudziputira tsoka. Masiku amenewo mfuti ikaphulika anthu ankathamangira kunena kuti mkazi wa mlenjeyo sanadzisunge kumudzi, poti unali mwambo kuti mwamuna akakhala kutchire mkazi akhale wodziletsa. Afundi mwambowo ankausunga, ndipo mankhwala a ulenje ankasamba ngati anzawo onse. Koma agogo anawamvapo akunena pamaliro ena, motsitsa mawu, kuti asanamuzenge mlandu mayiyo ayambe awaonetsa kansupa ka malemuyo.

Tisanamizane, adzukulu anga, za mtengo wake. Mafumu aakulu a kuno, a Mponda pamene Shire amatulukira m'nyanja, a Makanjira kugombe lakum'mawa, a Jalasi pamwamba pa phiri la Mangochi, ankagula mfuti, onga ndi fataki ndi minyanga ya njovu komanso ndi anthu. Ambiri mwa anthuwo anali Anyanja ndi Amang'anja, abale a agogo anga omwewo. Zombo za Makanjira zinkawolotsa akapolo kuchokera kugombe lakumadzulo, n'kuyamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Kuti upeze fataki unafunika akapolo, kuti ugwire akapolo unafunika fataki, ndipo mfumu imene yatsalira pa mpikisano umenewu mudzi wake ndiwo unkagwidwa. Agogo ankawakonda afundi awo, komabe sanaiwale kuti mlongo wa mayi awo anapita ndi ulendo wotere osabwerera.

Azungu anaona msanga pamene panali chingwe. Pa 2 Julaye 1890 mayiko a ku Ulaya, pamodzi ndi America, Turkey, Persia ndi Sultan wa ku Zanzibar, anasaina pangano mumzinda wa Brussels loletsa malonda a akapolo. M'pangano lomwelo analetsa kugulitsa mfuti zamakono, zipolopolo zake ndi fataki zake m'chigawo chachikulu cha Africa, ife tili m'kati. Zimene analola kuti zizigulitsidwa zinali mfuti za mwala zopanda mizere m'kati ndi onga wamba. Taganizani. Mmisiri wa kuno ankatha kukonza mtengo wa mfuti, kusula kanyundo, kudula zitsulo kukhala zipolopolo. Onga ena ankaupanga okha, ngakhale unali wosalingana mphamvu. Koma fataki yeniyeni inkachokera ku fakitale, kutsidya kwa nyanja yamchere. Wotseka doko anali atagwira mfuti zonse za kumtunda pakhosi. Zina zinkalowabe mozemba kudzera kwa Apwitikizi, koma mtengo unakwera, ndipo zambiri zinkafika zitagonera nyengo zingapo zamvula m'nkhokwe za kugombe.

Chaka chotsatira anafika Harry Johnston ndi Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri a iwo Asikh, onyamula mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo. Mu Okutobala 1891 anamanga linga lija la Fort Johnston kutsidya kwa mtsinje, moyang'anana ndi kwa Mponda, n'kuombera mudziwo ndi mzinga. Musaganize kuti gogodela inagonja tsiku limodzi ayi. Mu Disembala chaka chomwecho Maguire anapita pa sitima ya Domira kukawononga zombo za Makanjira, ndipo anaphedwa konko akubwerera kusitima. Mu Febuluwale 1892 ankhondo a Jalasi anabweza gulu la boma pa phiri lawo, nalanda mzinga. Pobisala m'matanthwe ndi m'bango, munthu wa gogodela anali woopsa ndithu. Chimene sakanatha ndi nkhondo yaitali. Iye akuthira onga, kutsindira, kufufuza fataki m'kansupa ndi zala zonjenjemera, mnzake wawomba kale kangapo, ndipo zipolopolo zake zikubwera ndi sitima mwezi ndi mwezi. Kwa Makanjira kunagwa mu 1893, boma n'kumangapo Fort Maguire. Kwa Jalasi kunagwa mu 1895. Makoma a Fort Mangochi, amene mumapita kukawaona ndi a sukulu cha ku Namwera, aima pamene panali mudzi wake.

Ndipo musayese kuti moto wokalamba unkavuta anthu akuda okha. Mzinga umene uli pafupi ndi wotchi ya Mfumukazi Victoria pa boma la Mangochi, musanakwere mlatho, unali wa sitima ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914 Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli, kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Amasimba kuti zipolopolo zake zinali zitakhalitsa m'nkhokwe kuyambira masiku a Mfumukaziyo, moti zingapo zinakana chisanapezeke cholira. Afundi akanakhalapo akanawafunsa kuti ankazisunga pati.

Nkhondo zitatha, mfuti inasanduka ya chiphaso. Wofuna kukhala nayo ankalipira ku boma, ndipo onga ndi fataki ankagula mwa chilolezo, pang'onopang'ono. Agogo anapatsidwa mfuti ya afundi iwo atamwalira, ndipo ntchito yake inali ya kumunda: nguluwe m'chinangwa, anyani m'chimanga, mvuu zotuluka usiku kudzadya mpunga m'madimba. Anansi awo Achisilamu ankawaitana nguluwe zikavuta, n'kuwasiyira nyama yonse poti iwo sadya. Ikakhala mbawala, mmodzi wa iwo ankathamanga ndi mpeni kukaizinga isanafe, kuti onse adye nawo. Pa nkhanga ndi atsekwe agogo ankathira timiyala tosalala kapena tizidutswa ta mtovu, onga pang'ono chabe, ndipo apa mpamene fataki yabwino inkaoneka phindu lake.

Fataki zikasowa, ena anayamba kuyesa za mitu ya machesi. Ine ndinamuona ndi maso anga bambo wina wa kumtunda kwathu, diso limodzi loyera, tsaya lili ndi timadontho takuda tosachoka. Ankabwera kudzacheza ndi agogo, awiriwo n'kumakangana. Iye ankati zopanga yekha n'zaulere. Agogo ankamuyankha kuti, "Achimwene, zaulere bwanji poti munalipira diso?" Vuto lake linali lomwe lija: lero yafooka, mawa yapsa mtima, ndipo palibe njira yodziwira usanakhethemule. Agogo zikawathera ankapachika mfuti n'kukatchera misampha.

Ine ndikukula n'kuti kutabwera mfuti zothyola pakati ndi zija za Greener, zimene alonda a m'maesiteti ndi osaka nyama zowononga mbewu ankanyamula. Mmenemo onga, timipira ta mtovu ndi fataki zonse zili m'katiriji kamodzi, fataki itakhala pakati kumbuyo kwake. Njira imeneyi inakhazikika cha m'ma 1866, ndipo mayina ake ndi a Edward Boxer wa ku England ndi Hiram Berdan wa ku America. Kuyambira m'ma 1920 anapezanso mankhwala osadya chitsulo, ndiye kutsuka ndi madzi otentha usiku uliwonse kunatha. Ine ndinkayesa kuti nzeru za afundi zathera pomwepo.

Mwana wa mchemwali wanga, amalume anu aja anakhalitsa ku Joni, ndiye anandidabwitsa. Ankagwira ntchito pa famu ina kunja kwa Johannesburg, kwa bwana wokonda mfuti zakale za makolo ake, zija mipope yake inasulidwa mopota zitsulo ndipo imaoneka mawangamawanga. Mfuti zotere sizipirira makatiriji amphamvu a m'sitolo, ndiye bwanayo ankadzaza yekha makatiriji ofatsa, ali ndi chiphaso chake. Fataki za makatiriji amenewa zimatchedwa 209, ndipo pamaso zimaoneka zofanana, kaya ndi za Winchester, Federal, CCI, Cheddite kapena Fiocchi. Koma ukali wake ndi wosiyana, moti kungosintha fataki, zina zonse zili chimodzimodzi, mphamvu ya m'mpope imatha kukwera kwambiri. Ikachepanso mopitirira, makamaka m'mawa wozizira, onga suyaka wonse ndipo chotsekera chimatsalira mumpope. Bwanayo, akuti, anali ndi buku la opanga onga, lolemba katiriji yakuti, fataki yakuti, onga wakuti, mlingo wakuti, zoyesedwa ndi makina, ndipo sankasintha ngakhale chimodzi mwa nzeru zake. Katiriji ikalira mofooka ankathyola mfuti n'kusuzumira kuchokera kumbuyo asanaikemo ina. Amalume anuwo ankandifotokozera ngati zachilendo. Ndinawauza kuti afundi analibe buku kapena makina, anali ndi tsamba louma ndi mizere iwiri pa chitsulo, ndipo pa alenje anzawo ndi iwo okha anaikidwa m'manda ndi zala zonse khumi.

Kuno kwathu zimenezo si zoti wina ayese. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna chiphaso pa mfuti ndi pa zipolopolo zomwe, ndipo nyama zimene agogo ankasaka zili m'malo otetezedwa, ku Liwonde kuyambira 1973 ndi ku Cape Maclear kuyambira 1980. Gogodela zimene zikumvekabe masiku ano ndi za opha nyama mozemba, zopangidwa ndi mapaipi, ndipo eni ake amathera kundende kapena kuchipatala.

Mfuti ya afundi inatha motere. Agogo atakalamba, tsiku lina akuitsuka anaona madzi akuchucha pambali pa mpope, pamalo pamene dzimbiri linaboola kabowo kosaoneka ndi maso. Sanaiwombenso. Mtengo wake unadyedwa ndi chiswe, kanyundo tinkaseweretsa ife ana mpaka kanatayika. Mpope anaupempha mayi wina wa kutsidya kwa dambo, amene anamata kabowoko ndi phula n'kumatchezera kachasu, poti mpope wa mfuti ndiwo unali paipi yabwino koposa pa ntchito imeneyo. Anawalipira agogo nkhuku ziwiri ndi botolo limodzi la kachasu wa mutu, ndipo agogo anadandaula mpaka imfa yawo kuti nkhuku imodzi inali yodwala chitopa.